MAFUNSO A "MUNGATANI?" PA MAYESO OFUNSIRA NCHITO

Chaka chiri chonse, zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, anyamata ndi atsikana ambiri a m'midzi ayamba kulemba makalata ofunsira nchito. Ena afuna ukalaliki, ena ulangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi, ena nchito ya m'sitolo, ena ya ku minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Ofunsira achuluka, koma malo achepa. Nchifukwa chake olemba anchito sakhutira ndi satifiketi yokha iai. Aitana amene makalata ao aoneka bwino kuti adzaonekere pamaso pao ndi kuyankha mafunso. Chomwechonso achita makomishoni amene alemba anchito a Boma, aphunzitsi, anchito a zaumoyo ndi a m'makhonsolo. Mayeso amenewa, amene ambiri awatcha intavyu, satenga nthawi yaitali, koma pa mphindi zochepazo munthu angapeze nchito kapena kuitaya.

Mafunso oyamba sabvuta. Ndi a dzina, kumudzi, sukulu ndi nchito zimene munthu anagwirapo kale. Koma pakati pa mayeso mmodzi wa ofunsa aika cholembera pansi nati, "Tiyerekeze kuti takulembani nchito, ndipo tsiku lina zakuti-zakuti zachitika. Mungatani?" Apa ndi pamene ambiri apunthwa, ngakhale amene anakhoza bwino ku sukulu, chifukwa yankho lake silipezeka m'buku liri lonse.

CHIFUKWA CHAKE AFUNSA CHOTERE

Maphunziro a munthu aoneka pa pepala, koma khalidwe lake pa nchito silioneka pa pepala. Wolemba anchito sadziwa ngati munthuyo adzafika pa nthawi yake, ngati adzasunga bwino ndalama ndi katundu, kapena ngati adzagwira nchito pamene kapitao palibe. Akamfunsa kuti, "Kodi ndinu wakhama?" munthu ali yense adzati inde, ngakhale mlesi amene. Funso lotere silisiyanitsa anthu. Koma akamuika m'bvuto longoyerekeza, lokhala ndi njira ziwiri kapena zitatu, ndi kumuuza kuti asankhe, pamenepo maganizo ake enieni aonekera.

M'chaka cha 1980 katswiri wa za khalidwe la anthu pa nchito, Gary Latham, pamodzi ndi anzake, analongosola njira imeneyi ataiyesa pakati pa anchito a makina ocheka matabwa ku America. Anayamba ndi kusonkhanitsa zinthu zimene zinachitikadi pa nchito, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo zinthuzo anazisandutsa mafunso. Limodzi la mafunsowo linali la munthu amene banja lake lonse lagona ndi chimfine, palibe wachibale woliyang'anira, ndipo nthawi yoyamba nchito yayandikira. Asanafunse munthu ali yense, akulu a nchito anagwirizana kale za yankho labwino, lapakati ndi lofooka, ndi malikisi a yankho liri lonse. Maganizo ao anali akuti zimene munthu anena kuti adzachita zisonyeza kwambiri zimene adzachitadi.

Pamenepa wofunsira nchito aphunzirapo zinthu ziwiri. Choyamba, funso la "Mungatani?" si ndagi yofuna kumkola. Lichokera ku mabvuto amene anasautsapo kale eni nchitowo. Chachiwiri, kawirikawiri ofunsa ali ndi mfundo zimene ali kuyembekeza kumva, ndipo malikisi apita ku mfundozo, osati ku Chingerezi chokometsera kapena ku suti yobwereka.

MAENJE AWIRI

Pali maenje awiri amene anthu agwamo. Loyamba ndi kulonjeza zosatheka. Wina, pofuna kukondweretsa ofunsa, anena kuti sadzadwala, sadzachedwa, ndipo adzagwira nchito usana ndi usiku popanda kudandaula. Ofunsa ndi anthu akulu amene aona anchito ambiri. Adziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wolonjeza zotere samkhulupirira ngakhale pa zina zimene wanena zoona.

Lachiwiri ndi kuthawa funso. Wina ati, "Zimenezo sizingandichitikire ine," kapena, "Ndidzaona zikadzachitika," kapena angokhala chete ndi kuyang'ana pansi. Kumudzi mwana woyang'ana pansi pamaso pa akulu ayesedwa waulemu, koma pa mayeso a nchito kukhala chete kulibe malikisi. Ulemu ukhalepo ndithu, koma yankho limveke.

KAMANGIDWE KA YANKHO LABWINO

Yankho labwino liri ngati nkhokwe: liyamba ndi miyendo, denga libwera pambuyo. Wofunsidwa amvetsere funso kufikira kumapeto. Ngati sanamve bwino, apemphe mwaulemu kuti alibwereze, pakuti safunsa anadya phula. Kukhala chete pang'ono poganiza si kulakwa.

Tsono atchule chimene chingaonongeke pa nkhaniyo: kaya ndi ndalama za eni nchito, kaya ndi moyo wa wodwala, kaya ndi ana a sukulu otsala okha m'kalasi. Potero asonyeza kuti waona pamene pagona nkhani. Pambuyo pake anene chimene angachite choyamba, ndi chachiwiri, mwa dongosolo lake. Anenenso munthu amene angamuuze, ndi nthawi imene angamuuze, chifukwa pa nchito iri yonse pali mkulu woyenera kudziwa. Potsiriza, ngati zofanana nazo zinamchitikirapo ku sukulu, ku mpingo, ku kalabu ya alimi kapena pa ganyu, azitchule mwachidule. Zonsezi zikwana pa mphindi imodzi kapena ziwiri.

MALIRO PA TSIKU LA NCHITO

Funso lina limene libwera kawirikawiri ndi lotere: "Tiyerekeze kuti ndinu kalaliki wosunga katundu, ndipo makiyi ali ndi inu. M'mawa wa tsiku limene galimoto ibwera kudzatenga katundu, mwalandira uthenga wakuti amalume anu amwalira kumudzi. Mungatani?"

Wina ayankha kuti, "Nchito ndiyo yoyamba, ku maliro sindingapite." Koma ofunsa nao ali ndi amalume ao, ndipo adziwa kuti chibale ndi fupa, sichiola. Munthu wonena chotere amuyesa wabodza kapena wopanda umunthu. Wina ati, "Ndinganyamuke nthawi yomweyo." Ameneyu waiwala makiyi ali m'thumba mwake, waiwala dalaivala amene adzakhala pa khomo tsiku lonse, ndi anthu oyembekeza katunduyo.

Yankho lopambana lingakhale lotere: "Zikomo, akuluakulu. Maliro a amalume ndi akulu kwa ine, ndipo ndiyenera kukapezekako. Koma makiyi ali ndi ine, ndipo ndikachoka mwakachetechete nchito ya anthu ambiri idzaima. Choyamba ndingaimbire foni bwana wanga kapena kupita kukawauza. Ngati nthawi ilola, ndingatulutse katunduyo ndisananyamuke. Ngati siilola, ndingapereke makiyi ndi buku kwa amene bwana asankha, titawerengera pamodzi katundu ndi kusainirana. Ndingapemphe masiku odziwika, ndipo ndingabwere pa tsiku limene ndalonjeza."

Yankho limeneli silikana chibale, ndiponso silitaya nchito. Ligwirizananso ndi lamulo. Lamulo la za Nchito la chaka cha 2000 linena kuti kujomba popanda chilolezo ndiponso popanda chifukwa chomveka ndi chimodzi cha zifukwa zimene munthu angachotsedwe nazo nchito nthawi yomweyo. Maliro ndi chifukwa chomveka, koma kusowa sabata lathunthu popanda mau si chifukwa chomveka iai.

MVULA YOYAMBA

Olemba anchito a m'maboma akumidzi adziwa kuti wanchito ali yense ali ndi munda wake. Tsono afunsa kuti, "Mvula yoyamba yagwa usiku, munda wanu sunabzalidwe, ndipo lero ndi Lachiwiri. Mungatani?"

Wonena kuti alibe nazo kanthu za munda sakhulupirika. Woyankha bwino asonyeza kuti mvula siidzidzimutsa munthu wanzeru, chifukwa nyengo yake idziwika chaka ndi chaka. Anganene kuti mizere angaikonzeretu chirimwe, mbeu angagule kale, ndipo angapangane ndi a pa banja pake kapena aganyu kuti abzale iye ali ku nchito, iye nkukathandiza ataweruka kapena pa tsiku lopuma. Ngati afuna masiku, angapemphe tchuthi nthawi ikadalipo. Lamulo lomwe lija lipatsa wogwira nchito masiku 6 pa sabata tchuthi cholipidwa cha masiku osachepera 18 pa chaka, ndi wogwira masiku 5 pa sabata masiku osachepera 15. Chimene ofunsa safuna kumva ndi kunamizira matenda kuti munthu akabzale.

WACHIBALE PA SIKELO

Funso lina likhudza kukhulupirika: "Ndinu kalaliki wa pa sikelo pa msika wogula mbeu. Azakhali anu, amene anakulipirirani sukulu, abwera ndi mtedza wosauma bwino. Apempha kuti muulandire, ndi kuti muonjezerepo makilogalamu awiri pa lisiti. Mungatani?"

Onse adziwa kuti yankho ndi kukana. Chimene ofunsa afuna kumva ndi kakanidwe kake, chifukwa kukana azakhali pamaso pa anthu si chinthu chapafupi, ndipo amene sanaganizepo za mau oti adzanene kawirikawiri agonja tsikulo likafika. Woyankha bwino anganene kuti angawatengere pambali ndi kuwauza kuti, "Azakhali, pepani, sikelo iyi si yanga. Madzulo mabuku awerengedwa, ndipo makilogalamu osowa adzafunsidwa kwa ine. Nchito ikatha, ngakhale sopo amene ndimakutumizirani adzatha. Kayanikeni mtedzawu masiku angapo, ndipo mubwere nao." Angaonjeze kuti angapemphe kalaliki mnzake kuti ndiye ayeze katundu wa abale ake, kuti pasakhale wokayika. Funso lomweli lingabwere m'maonekedwe ena: wachibale wofuna kudumpha mzere pa chipatala, kapena mwana wa mfumu wofuna malikisi ku sukulu.

LAMULO LOIPA LOCHOKERA KWA MKULU

Funso lobvuta koposa ndi ili: "Mkulu wanu wa pa nchito akuuzani kuti musaine kuti matumba 50 a simenti afika, pamene inu mwawerenga 40. Anena kuti otsalawo abwera mawa. Mungatani?"

Achinyamata ambiri aganiza kuti pano ayesedwa kumvera, ndipo ayankha kuti angasaine chifukwa bwana walamula. Kumvera nkwabwino, koma lamulo la za nchito linena za kumvera malamulo oyenera, osati lamulo liri lonse. Siginecha ya munthu ndi umboni wake, ndipo tsiku la mlandu buku lidzasonyeza dzina la wosainayo. Dziko la Malawi linaona zimenezi m'chaka cha 2013, pa nkhani imene inatchedwa Cashgate, pamene zinaululika kuti ndalama zambiri za Boma zinalipidwa kwa makampani amene sanapereke katundu kapena kugwira nchito iri yonse. Ena mwa anchito a Boma anaimbidwa milandu ndi kupita ku ndende.

Koma wofunsidwa asathamangirenso kunena kuti angakanene bwanayo ku polisi nthawi yomweyo, pakuti mwina matumba otsalawo ali m'njira ndithu. Yankho loyenera liri pakati: "Ndingawauze mwaulemu kuti, 'Bwana, ndawerenga 40. Ndilemba 40 lero, ndipo 10 otsalawo ndidzasainira akafika.' Akaumirira, ndingapemphe kuti lamulolo alilembe. Akapitirizabe kundikakamiza, ndingatengere nkhaniyo kwa mkulu wa pamwamba pao." Angatchulenso kuti pa nkhani za katangale liripo bungwe la ACB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo loletsa ziphuphu la chaka cha 1995. Chomwechonso ayankhe akafunsidwa za mnzake wa pa nchito amene wamuona akutenga mankhwala kapena mafuta a galimoto: anene zimene waona ndi maso ake, osati mphekesera, ndipo azinene kwa woyenera, osati pa msika.

NTHAWI YOWERUKA NDI KULAKWA KOBISIKA

Mafunso awiri ena ndi afupi. Loyamba: "Nthawi yoweruka yakwana, koma anthu asanu akadali pa mzere, ndipo achokera kutali." Woyankha bwino anena kuti angawathandize asanatseke, chifukwa kuwabweza ndi kuwaonongera tsiku lina lathunthu ndi ndalama za ulendo. Asayambe ndi kufunsa za malipiro a ovataimu, ndiponso asalonjeze kugwira nchito yaulere masiku onse. Lamulo liika maola 48 pa sabata ngati malire a nchito ya masiku onse, ndipo ola loonjezera pa tsiku la nchito lilipidwa ngati ola limodzi ndi theka. Tsono anganene kuti, ngati kuchedwa kuweruka kuchitika tsiku ndi tsiku, angakambirane ndi mkulu wake kuti nchito ikonzedwe bwino.

Lachiwiri: "Mwapeza kuti munalakwa kuwerengera m'buku sabata yatha, ndipo palibe amene waona." Yankho ndi limodzi lokha: kukauza mkulu tsiku lomwelo, kusonyeza pamene panalakwika, ndi kukonza poyera popanda kufufuta mobisa. Kulakwa koululidwa msanga kukhala kulakwa chabe, koma kobisika kukapezeka ndi owerengera mabuku kuoneka ngati kuba. Zengerezu adalinda kwaukwau.

ZONENA PA MAYESO ZIDZAYESEDWA PA NCHITO

Wofunsira nchito akumbukire kuti mayeso satha pa tsiku la mafunso. Pa nchito zofuna luso, lamulo lilola nthawi yoyesedwa imene siyenera kupitirira miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyi wolemba nchito kapena wolembedwa angathetse pangano popanda chenjezo. Amene analonjeza kufika m'mamawa koma afika dzuwa litakwera adziwika mwezi woyamba usanathe. Nchifukwa chake kuloweza mayankho a munthu wina sikuthandiza. Kukonzekera kwenikweni ndiko kuganizira bwino lomwe zimene munthu angachitedi, ndi kusintha khalidwe limene iye mwini aona kuti sangalinene pamaso pa ofunsa.

ZOCHITA MASIKU A MAYESO ASANAFIKE

1. Awerenge bwino chidziwitso cha nchitoyo, ndipo afunse munthu amene agwira nchito yotere kuti mabvuto ake a tsiku ndi tsiku ndi otani. Mlangizi wa zaumoyo, mlonda, kalaliki ndi mphunzitsi ali ndi mabvuto osiyana, ndipo mafunso achokera ku mabvutowo.

2. Alembe pa pepala mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi oyamba ndi "Tiyerekeze kuti," ndipo pa funso liri lonse alembe chimene chingaonongeke, chochita choyamba, ndi munthu woti auzidwe.

3. Akumbukire zinthu zitatu zoona za m'moyo wake zosonyeza khama ndi kukhulupirika. Kusunga ndalama za banki ya m'mudzi popanda kusowa tambala, kuyenda mtunda wautali kupita ku sukulu popanda kujomba, kapena kulima munda wa agogo makolo atadwala, zonsezi ndi umboni. Asapeke nkhani, chifukwa funso limodzi lotsatira liulula bodza.

4. Ayeserere kuyankha mokweza mau, m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe. Mayeso ambiri achitika m'Chingerezi, ndipo mau afupi omveka aposa mau atali osamveka.

5. Pa tsikulo afike nthawi isanakwane, atatenga kalata yomuitana, chiphaso chake cha unzika ndi masatifiketi ake enieni. Wochedwa ku mayeso wayankha kale funso la kusunga nthawi asanafunsidwe.

Adziwenso kuti nchito sagula. Munthu wopempha ndalama kuti athandize wina kulembedwa ali kuchita mlandu, ndipo kawirikawiri ndi wakuba amene alibe nchito yoti apereke. Chomwechonso mtsikana asalole munthu ali yense womunyengerera kuti agone naye pofuna nchito. Lamulo la chaka cha 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi liletsa khalidwe lotere, ndipo nkhani zotere zikanenedwe ku polisi kapena ku ofesi ya Leba ya pa boma.

MAU KWA APHUNZITSI NDI MAKOLO

Aphunzitsi angathandize kwambiri ana a Folomu 4 ndi achinyamata ena a m'mudzi. Madzulo a tsiku limodzi pa mwezi angaike tebulo ndi mipando itatu kutsogolo kwa kalasi. Mphunzitsi mmodzi, mlangizi wa m'deralo ndi munthu wina wopuma pa nchito akhale ofunsa. Mwana mmodzi agogode, alowe, apereke moni, akhale pansi atauzidwa, ndi kuyankha mafunso awiri a "Mungatani?" Anzake amvetsere ndi kulemba: kodi watchula chimene chingaonongeke? Kodi wanena chochita choyamba? Kodi wanena amene angamuuze? Pambuyo pake onse akambirane. Mwana amene wachita zimenezi katatu pamaso pa anzake sadzanjenjemera pamaso pa alendo.

Makolo nao ali ndi mbali yao. Mwana amene apatsidwa ndalama za ku chigayo ndi kufunsidwa zotsala, amene atumidwa ndi kuyembekezedwa pa nthawi yake, amene sakalipiridwa koposa muyeso akaulula yekha kuti waswa mbale, ameneyo ali kuphunzira kale mayankho a mafunso amenewa. Ndipo mwanayo akadzalembedwa nchito, abale asamsenzetse zopempha zimene zingamchotsetse nchitoyo, pakuti malipiro ake a mwezi ndi mwezi adzathandiza banja lonse koposa makilogalamu awiri a tsiku limodzi.